Laputopu Yanga ndi Golide wa m'Thumba la Amuna Anga

Ndine mkazi wansanje, ndipo sindikana. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musafulumire kundimvera chisoni, chifukwa pofika kumapeto mwina mudzafuna kuchigawa chisonicho mwanjira ina. Nkhani yanga ndi ya laputopu, ya mwamuna wofatsa, ndi ya mkazi wina wa zikhadabo zazitali amene ndinadana naye ndisanamve n'komwe mawu ake.

1

Ntchito yanga inali yokonza zithunzi za maukwati. Wojambula sindinali ine. Ankajambula ndi bambo ena amene tonse timawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pawo, ngakhale akukuuza kuti galimoto yako yaphwa tayala. Iwo akajambula ankanditumizira zithunzi zambirimbiri, ine n'kukhala patebulo la pabalaza ndi laputopu yanga. Ndinkapukuta thukuta pamphumi pa mkwati, kuwalitsa diresi la mkwatibwi, n'kufafaniza amalume aja amene salephera kulowerera pachithunzi atagwira botolo. Ndikatha ndinkazisanja bwino kuti zikasindikizidwe mu alubamu.

Laputopuyo anandigulira ndi amuna anga. Iwo ndi okonza magetsi, munthu wa mawu ochepa woti akhoza kutha tsiku lonse atangonena "zikomo" ndi "tesita yanga ili kuti". Anaigula kwa munthu, yogwirapo kale ntchito, koma inkathamanga moti a Mwetulirani ankati ine ndi makina angawo ndife msana wa situdiyo yawo. Mawu amenewo ndinkakawabwereza kunyumba monyadira, amuna anga n'kungogwedeza mutu.

Vuto linayamba nditangobwera kokadwazika mayi anga, komwe ndinakhalako masiku angapo laputopu nditaisiya kunyumba. Ndikatsegula chithunzi chimodzi, zonse zinkayenda bwino. Ndikatsegula zingapo, pasikirini pankabwera kamkombero kaja, n'kumazungulira, n'kumazungulira. Ndinkatha kutsuka mbale, kuyanika zovala, kubwera n'kupeza kakuzungulirabe. Ntchito ya tsiku limodzi inayamba kudya sabata yathunthu.

"Vuto ndi memore, mayi," anatero a Mwetulirani nditawadandaulira. "Kompyuta ili ngati tebulo la telala. Malo oyalapo nsalu akachepa, telala amangokhalira kupinda ndi kutambasula, osasoka. Simukufunika laputopu yatsopano ayi. Kawonjezereni memore basi, ndi kanthu kakang'ono. Pali mtsikana uja wokonza makompyuta moyang'anana ndi saluni ya alamu anu. Pitani mawa, ndipo mwetulirani."

Madzulo tikudya ndinawafotokozera amuna anga.

"Musataye nthawi, mayi. Yakalamba imeneyo."

"Kukalamba kwa sabata imodzi?"

"Makina amatero. Komanso okonzawa akatsegula amaba zipangizo zabwino n'kuikamo zakutha. Musalole munthu aitsegule."

Ndinawamvera. Pa nkhani ya mawaya ndi zitsulo, mawu awo anali lamulo m'nyumba mwathu.

2

Mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, ali ndi saluni kumsika. Ndi munthu woti nkhani ikalowa m'khutu imatulukira pakamwa isanazizire. Loweruka lina akundiluka tsitsi, anandipotoza mutu n'kundiyang'anitsa pawindo.

"Mlamu, munayamba liti kutuma achimwene kwa madona?"

"Madona ake ati?"

"Uyo apo."

Kutsidya kwa msewu kunali kashopu kopaka utoto wachikasu, kodzaza ndi malaputopu ong'ambidwa mimba. Pakauntala panali mkazi wamtali, wa magalasi, wa zikhadabo zazitali zofiira. Ankagwira kasikuludilaiva ndi nsonga za zala ngati akuzula munga. Anali wokongola, ndipo zimenezo ndizo zinandiyamba kupweteka.

"Achimwene abwerapo kangapo mwezi uno," mlamu anapitiriza. "Amaima pomwepo, chipewa chili m'manja, kulankhula motsitsa. Ine ndimati mwawatuma za laputopu yanu ija."

"Eya, ndinawatuma," ndinanama.

"Nanga bwanji amabwera chimanjamanja?"

Anaseka n'kupitiriza kuluka, osadziwa kuti wandiyatsa moto m'chifuwa. Mwamuna woti kunyumba mawu timachita kuwapempha, kumsika kuno anali ndi nkhani zokamba motsitsa. Ndipo ndi mwamuna yemweyo amene anandiletsa kupita kwa okonza makompyuta. Ndinaona kuti zonse zagwirizana bwino: sankafuna kuti ndikakumane naye.

Potuluka m'saluni ndinachita dala kudutsa pakhomo pa kashopu kaja, ndikunamizira kuyang'ana machaja opachikidwa panja. Ndinamuyeza kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Iye sanadzutse n'komwe mutu, ndipo ndinati kunyada kwakeko ndi umboni. Kuyambira tsiku limenelo ndinamupatsa dzina lakuti Zikhadabo, n'kulumbira kuti laputopu yanga sidzakhudzidwa ndi zala zimenezo ngakhale itafa.

3

Amuna anga sindinawafunse. Akazi ena amafunsa, ine ndimafufuza. Ndinayamba kununkhiza malaya awo ndisanachape, koma ankangonunkha thukuta ndi fumbi la m'denga. M'foni mwawo munalibe kanthu koma makasitomala odandaula za mababu ndi masoketi. Kusapeza kanthu sikunandikhazike mtima pansi. Ndinangoti munthuyu ndi wochenjera kuposa mmene ndinkamuganizira.

Kenako tsiku lina m'mawa, iwo ali kubafa, ndinapisa m'thumba la m'kati la jekete lawo la ntchito. Munali kabokosi kakang'ono kopyapyala, komata ndi tepi yakuda ija ya magetsi. Ndinamatula pakona pang'ono. M'kati munali kanthu kokulungidwa m'kapepala konyezimira, ndipo pamene kapepalako kanang'ambika pankaoneka mzere wa golide, timizere tating'onoting'ono tondondozana bwino ngati mano a chipeso.

Golide, pamene mphete yanga yaukwati inali itayamba kale kundisiyira mzere wobiriwira pachala.

Nditamva madzi asiya kutsika kubafa, ndinamata msanga n'kubweza. Anatuluka akudzipukuta m'khosi, ndipo diso lawo linathamangira pajekete lisanafike pa ine.

"Jekete ili musachape," anatero. "Lili bwinobwino."

"Sindinaligwire n'komwe, bambo," ndinayankha ndikumwetulira moti a Mwetulirani akanandinyadira.

Tsiku lonse ndinkangokaona kanthuko m'maganizo. Nthawi zina kankakhala chibangili padzanja la Zikhadabo, nthawi zina kopanira tsitsi, nthawi zina kapakhosi. Ndinalira mokwiya nditakhala patebulo, kamkombero kakuzungulira patsogolo panga.

4

Ntchito inali ikufa. Kuti ndisachotsedwe, ndinali nditayamba kale kunyamula laputopu m'mawa uliwonse kupita nayo kusitudiyo, kusamutsa zithunzi n'kumakonzera pa kompyuta yaikulu ya a Mwetulirani akakhala kuti sakuigwiritsa ntchito. Ndinkachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Ndipo ndivomere, ndinkachita dala kutchena. Ndinkati ngati iwo ali ndi kwawo kolankhula motsitsa, nanenso ndili ndi kwanga kosekera mokweza.

Pakudya ndinkawonjezera tsabola. "Lero a Mwetulirani anandigulira chakumwa chozizira." Mawa lake: "A Mwetulirani akuti diresi ili likundikhala." Ena mwa mawuwo a Mwetulirani sanawanenepo, bambo woti ali ndi akazi awo ndi zidzukulu, koma ine ndinkafuna wina amveko kuwawa kumene ndinkamva.

Amuna anga anayamba kuwonda. Lamba anamuboola bowo lina. Ankandiyang'ana ndikuika laputopu m'chikwama.

"Bwanji osaisiya lero? Ipumeko."

"Yatopa ndi chiyani? Imangozungulira."

"Ndimati mwina ndiione."

"Munati yakalamba. Isiyeni ikalambe ili ndi ine."

Ndinkadziwa, kapena kuti ndinkaganiza kuti ndikudziwa, chimene ankaifunira. Mlamu anali atafunsa kale za kubwera chimanjamanja, ndiye ankafuna chonyamula chokaonera chibwenzi chawo anthu osadabwa.

Sabata imeneyo kunabwera ntchito yaikulu kuposa zonse, ukwati wa mwana wa bwana wina wa mahotela. Akwatiwo ankanyamuka Loweruka m'mawa kupita kunja kumene ankakakhala, ndipo alubamu inkayenera kufika kosindikiza Lachisanu asanatseke. A Mwetulirani anali akukonza vidiyo ya ukwati womwewo pa kompyuta yaikulu, moti inalibe mpata. Ndinatsala ndi laputopu, nkhalamba yanga ija.

Lachinayi a Mwetulirani anandiitana mu ofesi, ndipo kwa nthawi yoyamba sananene mawu awo aja.

"Mayi, ndakupirirani chifukwa dzanja lanu ndi labwino. Koma maalubamu ena achedwa kale, ndipo amene amatukwanidwa ndi ine. Iyi ikachedwa ntchito ndipereka kwa wina, ndipo sindidzabwereranso. Memore ija mwawonjezera?"

"Ndikuganizabe."

"Mukuganiza chiyani? Kuwoloka msewu?"

Ndinabwerera kunyumba ndikusinkhasinkha. Zithunzi zotsala zinali zoti pa laputopu yothamanga ndikanamaliza dzuwa likadali m'mwamba. Kwa Zikhadabo sindikanapita, zimenezo zinali zachidziwikire. Koma kunali wokonza wina kutali, kuseri kwa depoti ya mabasi. Ndinatsimikiza zolawirira kumeneko.

"Mawa ndikukawonjezera memore," ndinawauza amuna anga. Sindinanene kuti kwa ndani, dala, kuti ndione nkhope yawo.

Supuni inawagwa m'manja.

"Mawa?"

"Mawa m'mawa. Kaya yakalamba kaya yatani, aitsegule basi."

Sanadyenso. Ine mumtima ndinati eya, wagwidwa, akuopa kuti ndikaonana ndi dona wawo.

5

Lachisanu m'mawa ndinali nditavala kale, chikwama chili paphewa, pamene ndinawaona amuna anga pagalasi la kuchipinda akutulutsa kabokosi kaja m'jekete. Anakaika m'thumba la malaya awo oyera, aja amene amavala akamakapempha ntchito kwa mabwana. Anatuluka osamwa tiyi.

Pamphambano panali minibasi yopita kudepoti, kondakitala akuitana kuti patsala malo a munthu mmodzi. Ndinaima. Kumanja kunali alubamu, ntchito yanga ndi dzina langa. Kumanzere kunali msana wa amuna anga ukulowera kumsika mwachangu. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinavutika posankha, koma sindinavutike. Minibasi inapita popanda ine.

Ndinalowera khomo la kuseri la saluni n'kukakhala pansi pa chowumitsira tsitsi, pafupi ndi windo.

"Mlamu, tsitsi louma kale mukuliumitsiranji?"

"Inu khalani chete, ingoyatsani."

Zikhadabo anali asanatsegule. Amuna anga anakhala pabenchi panja pa shopu, akusisita thumba la malaya. Atatsegula kunabwera anthu ena, iwo n'kumawapatsa mpata kuti atsogole. Ankadikira kuti atsale awiriwiri. Dzuwa linakwera, mutu unanditentha, foni inalira kangapo m'chikwama. Ndinkadziwa kuti ndi a Mwetulirani akufuna kundikumbutsa za nthawi, choncho sindinayankhe. Maso anga anali pathumba lija.

Chakumasana m'shopu munatsala mwini wake yekha. Amuna anga anadzuka, anavula chipewa, n'kutulutsa kabokosi. Anakaika pakauntala ndi manja awiri. Zikhadabo anapukusa mutu n'kukakankhira kwa iwo. Iwo anakakankhiranso kwa iye, akuchonderera. Mwamuna ameneyu anali asanandichondererepo kanthu chikwatiranireni.

Sindikumbuka mmene ndinawolokera msewu.

6

"Landira," ndinatero ndili pakhomo. "Ukukaniranji? Kapena golide wake wachepa?"

Amuna anga anatembenuka, nkhope itachita mbuu. Zikhadabo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndinu ndani, mayi?"

"Ndine amene ndimachapa malaya oyerawa kuti adzakuonekere bwino."

Ndinalankhula zambiri zimene sindingalembe muno. Ndinatchula zikhadabo zake, magalasi ake, ndi amayi ake amene sindinawaonepo. Ogulitsa mafoni oyandikana naye anasonkhana pakhomo, mlamu wanga ali patsogolo, chipeso chikadali m'manja. Mkaziyo sanandidule mawu. Nditatha mpweya anatambasula dzanja.

"Ndinu eni ake a laputopu? Bweretsani kuno."

"Sugwira chinthu changa."

"Ndiye tsegulani nokha mphatso yangayo, anthu onsewa aone."

Ndinakhadzula tepi n'kung'amba kapepala konyezimira. M'dzanja langa munagwera kachidutswa kobiriwira kopyapyala, kotalika ngati chala, kokhala ndi timadontho takuda ta makona anayi. M'mphepete mwake munali mzere uja wa golide.

"Imeneyo ndi memore," anatero Zikhadabo. "Ndipo si yanga, ndi yanu."

Sindinamvetse. Ndinangotulutsa laputopu ngati munthu wotumidwa n'kuiika pakauntala. Anaigoneka chafufumimba n'kundilozera ndi chikhadabo kamsomali kena komangira chivindikiro cha pansi. Mutu wake unali utadyeka, uli see, moti sikuludilaiva sikanagwira.

"Bambowa anandiuza okha," anatero. "Laputopu yanu ili ndi malo awiri a memore, ndipo onse anali odzaza. Iwo anachotsa imodzi. Potseka anamanga kamsomali aka ngati akumanga mita ya magetsi, mutu n'kudyeka, osathanso kutsegula. Mwezi wonse akhala akubwera kudzafunsa mmene angakamasulire. Ine ndimawauza kuti bweretsani makinawo, iwo amati mwini wake sasiyana nawo. Lero abwera ndi pempho latsopano. Akuti mukabwera kudzawonjezera memore ndiikemo yomweyi, ndinene kuti ndi yatsopano. Ndakana. Ine ndimakonza makompyuta, mabanja sindikonza."

Pakhomo wina anaseka. Ndinatembenukira kwa amuna anga.

"Ndi zoona?"

"Ndi zoona, mayi." Maso anali pansi.

"Chifukwa chiyani?"

Mlamu analowerera n'kunena kuti, "Achimwene, yankhani, mwatichititsa kale manyazi."

"Muli kwa amayi ndinayatsa laputopu kuti ndione ntchito yanu," anayamba amuna anga. "Ndinapeza chithunzi china cha paukwati umene munakathandizako, chimene wina anajambula mwangozi. Munali mutaima ndi a Mwetulirani, mutawanyamulira nyali yawo yojambulira, mukuseka mpaka kugwira pamimba. Zaka zonsezi ine sindinakuseketsenipo choncho." Anafinya chipewa chawo. "Ndinati laputopu ikamachedwa iwo akusiyani, mukhala pakhomo. Koma inu munayamba kupita komweko tsiku lililonse. Ndinafuna kubweza, kamsomali n'kukana."

Apa pali chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa kutukwana kuja. Chimene ndinamva poyamba sunali mkwiyo, chinali chimwemwe. Panalibe mkazi wina, golide sanali wa munthu, ndipo mwamuna wangayu ankandichitira nsanje mpaka kuboola lamba. Ndinatsala pang'ono kumwetulira. Kenako foni inaliranso m'chikwama, ndipo ndinakumbukira kuti linali Lachisanu.

7

Zikhadabo, amene ndinali nditangomutukwanira amayi ake, anakhala pansi ndi kamsomali kaja. Sikanali kophweka. Anayesa chida ichi, anayesa icho, mapeto ake anachita kukaboola ndi kamakina pang'onopang'ono kuti asawononge za m'kati. Chivindikiro chitatseguka ndinaona ndi maso anga malo aja, amodzi odzaza, ena ali pululu. Anandipatsa kachidutswa kobiriwira kaja.

"Ikani nokha. Mopendeketsa, kenako dinikizani mpaka kalire."

Kanalira kuti tcha.

Laputopu inayaka ngati yatsopano. Ndinakhala pomwepo pakona, pampando wa mkazi amene ndinamunyoza, n'kuyamba kukonza zithunzi. Kamkombero sikanabwere ngakhale kamodzi. Ndinapukuta thukuta la mkwati, ndinawalitsa diresi, ndinafafaniza amalume, zala zikuthamanga kuposa kale lonse. Amuna anga anaima panja padzuwa, chipewa chili m'manja, osayerekeza kulowa.

Koma theka la tsiku ndinali nditalithera pansi pa chowumitsira tsitsi. Pamene ndinkafika kosindikiza, thukuta lili kamukamu, ndinapeza chitseko chachitsulo chitatsitsidwa kale. Akwati ananyamuka m'mawa mwake opanda alubamu, ndipo bwana wa mahotela uja anauza aliyense womudziwa.

A Mwetulirani sanakalipe. Anamvetsera nkhani yonse atapinda manja.

"Mayi, za amuna anu ndamva, ndipo ndi zachisoni. Koma ine ndinakuimbirani kuyambira m'mawa. Vidiyo ndinamaliza msanga, kompyuta yaikulu inangokhala tsiku lonse. Ndimafuna ndikuuzeni kuti bwerani mudzamalizire kuno. Simunayankhe."

Sanandiuze kuti ndimwetulire. Zithunzi za Loweruka lotsatira anazipereka kwa wina.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga atasesa pabalaza, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala m'mphepete mwa mpando ngati mlendo.

"Akuchotsani?"

"Andichotsa. Si zimene mumafuna?"

"Ndimafuna pa nthawi ija. Lero ayi."

"Mukanandifunsa za chithunzi chija ndikanakuuzani kuti ndinkaseka mkwati, buluku linamung'ambikira akuvina."

Anandiyang'ana. "Nanunso mukanandifunsa za kabokosi."

Ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kumenyanitsa mapoto.

8

Kunyumba sindinachoke, ndipo sindinawathamangitse. Ndikanawathamangitsa ndi nkhope iti? Zimene anachita ndi zoipa, ndipo sindizichepetsa: munthu wogona naye nyumba imodzi anatsegula ntchito yanga mwakabisira n'kuithyola mwendo. Koma amene anakana kuwoloka msewu, amene anasiya minibasi, amene sanayankhe foni, ndi ine. Ndikanakwera minibasi ija, wokonza wa kudepoti akanangoona malo opanda kanthu n'kuikapo memore ina, alubamu ikanafika, ndipo mpaka lero sindikanadziwa chimene amuna anga anachita. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti ndikanakonda ziti, ntchito kapena kudziwa. Yankho limasintha malinga ndi mmene ndadzukira.

Zikhadabo ndinakamupepesa. Anaseka, n'kundigulitsa kasikuludilaiva kangakanga, akuti m'nyumba mwathu musalowenso katswiri wina. Dzina lija analikonda, moti ndimamuitana nalo pamaso pake. Ndi iye amene masiku ano amanditumizira timakasitomala ta zithunzi za ana omaliza sukulu ya mkaka.

Inu amene mukuwerenga, akazi anzanga ofufuza m'matumba, ndi inu amuna ofatsa amene mumameza zinthu n'kukazitulutsira ku sikuludilaiva, mverani. M'nyumba mwathu munali anthu awiri ansanje, aliyense akuzonda mnzake, aliyense ali ndi umboni wokwanira, ndipo onse awiri tinali olakwitsa. Funso limodzi pakudya likanatha zonse. Makina anu akamachedwa, kawatsegulitseni lero lomwe, ngakhale wokonzayo akhale wokongola. Ndipo mukaona chonyezimira m'thumba la mnzanu, matulani tepi yonse kapena funsani mwini wake, chifukwa ine ndinamatula pakona pokha.

Laputopu imathamanga tsopano. Ndikaiyatsa imatsegula nthawi yomweyo, n'kundionetsa msanga kuti mulibe ukwati woti ndikonze. Amuna anga amayenda ndi zithunzi zanga zakale m'foni mwawo, kuonetsa eni nyumba iliyonse imene akukonzamo magetsi, ndipo munthu wa mawu ochepa uja waphunzira kutsatsa malonda. Dzulo masana anaima kumbuyo kwa mpando wanga n'kufunsa motsitsa ngati ndawakhululukira. Ndinakweza chala n'kujambula kamkombero m'mwamba.

"Kakuzungulirabe, bambo. Dikirani."

Anakoka mpando n'kukhala.